CO2 yandidyera malikisi: bond ndi polar, molecule ayi, zikutheka bwanji?

Nangozo_F3
Moni nonse a m'gulu lino. Ndithandizeni, mutu wandiima. Sabata yatha tinalemba mayeso a Chemistry a pakati pa teremu, ndipo panali funso loti tinene ngati carbon dioxide ndi polar kapena ayi, n'kupereka chifukwa. Ine ndinakumbukira manambala a electronegativity omwe tinaloweza: oxygen 3.44, carbon 2.55. Kuchotsera, pakutsala 0.89. M'notsi mwathu muli poti kusiyana kukapitirira 0.4 ndiye kuti bond ndi polar. Ndinalemba ndi mtima wonse kuti CO2 ndi polar. Pepala labwera dzulo, a sir athetha ndi cholembera chofiira, ziro pa malikisi atatu. Pambali angolemba kuti "ganizira maonekedwe ake". Maonekedwe a mpweya? Chondipweteka kwambiri n'chakuti funso lotsatira linali la madzi, ndinayenda njira yomweyomweyo, ndipo anandichonga. Ndiye lamulo lenileni ndi liti?

Kamtedza22
Kkkk takulandira mlongo ku chipani cha ovulazidwa ndi CO2. Tilipo ambiri, makadi aumembala akusindikizidwa. Ine inandigwetsa kawiri, kachiwiriko pa mock.

MadamChem
Nangozo mwana wanga, masamu ako ali bwinobwino, koma wayankha funso lomwe sanakufunse. Iwe wakamba za bond, a sir ako amafunsa za molecule yonse.

Tiyambe ndi bond. Taganiza ana awiri agona pamphasa imodzi, bulangete limodzi, usiku wa mu June chiperoni chitavuta. Bulangetelo ndi ma electron omwe maatomu awiri akugawana mu covalent bond. Akakhala mapasa ofanana mphamvu, monga H ndi H kapena Cl ndi Cl, bulangete limakhala pakati, palibe wodandaula. Imeneyo ndi non-polar bond. Koma wina akaposa mnzake mphamvu, kukacha upeza bulangete lapita chakwa iye, mnzakeyo miyendo ili pamtunda. Sanalandidwe lonse ayi, kachigawo akufundabe. Wokokayo timamulemba δ−, wozizidwayo δ+. Mphamvu yokokerayo ndiye electronegativity. Kufika apa unakhoza, C=O ndi polar bond.

Tsopano mu CO2 ana ndi atatu. Carbon wagona pakati, oxygen wina kumanja wina kumanzere, onse pamzere wowongoka, madigiri 180. Uyu akukokera uku, uyo akukokera uko, mphamvu zofanana ndendende. Ukajambula mivi iwiri yosonyeza kukokako, wina ukuloza kum'mawa wina kumadzulo, ndiye imathana. Molecule yonseyo ilibe mbali yoti unganene kuti uku ndi kwa plus, uku ndi kwa minus.

Madzi ndi opindika ngati chigongono, madigiri 104.5. Oxygen ali pachigongonopo, ma hydrogen awiri ali mbali imodzi. Mivi yonse iwiri ikupendekera kwa oxygen, ndiye m'malo mothana imathandizana. Pamadzi unakhoza mwamwayi chabe.

Nangozo_F3
Zikomo madam, zayamba kuwala. Koma n'chifukwa chiyani madzi apindike pomwe CO2 yawongoka? Onse ndi maatomu atatu, wina pakati awiri m'mbali. Kapena ndingoloweza?

MadamChem
Usaloweze, werenga ma electron a atomu yapakatiyo. Carbon ali ndi anayi mu shell yakunja (ma electron amakhala m'zigawo zozungulira pakati pa atomu, zigawozo ndiye ma shell), ndipo onse anayi alowa m'ma double bond awiri. Palibe wotsala. Magulu awiri a ma electron akafuna kutalikirana momwe angathere, wina apita uku wina uko, mzere wowongoka. Oxygen wa m'madzi ali ndi asanu ndi mmodzi. Awiri alowa m'ma bond, anayi atsala awiriawiri, aja timati ma lone pair. Pachithunzi cha H–O–H saoneka, koma malo amadya, ndipo amakankha kuposa ma bond. Magulu anayi akanakhala ofanana bwenzi ngodya ili 109.5 ngati ya methane, koma ma lone pair amapanikiza ma hydrogen mpaka 104.5.

Nyakwawa_Lab
Madam mwafotokoza bwino, koma bulangete lanulo ndili nalo chikaiko pang'ono. Mwanayu asatuluke muno akuganiza kuti poti mivi yathana ndiye kuti carbon wafunda. Ayi ndithu. Wapakatiyo ndi amene akuzizidwa kwambiri, akumukoka mbali zonse ziwiri. Carbon wa mu CO2 ndi δ+ weniweni, ndipo zimaonekera pa ntchito. Muja mumauzira mpweya m'madzi a laimu n'kuyera ngati mkaka, choyamba kuchitika ndi chakuti hydroxide, yomwe ili ndi minus, imakagwira pa carbon wosowa ma electron uja, kenako ndi pomwe pamatuluka calcium carbonate.

China. Molecule siima chilili ngati pachithunzi, imanjenjemera. CO2 ikapindika pang'ono, kapena bond ina ikatalika inzake itafupika, mivi ija imaleka kuthana kwa kanthawi. N'chifukwa chake imayamwa kutentha kwa infrared kochokera pansi. Nitrogen ndi oxygen, zomwe zadzaza mlengalengamu, sizingathe zimenezo chifukwa ndi mapasa aja, kaya zitalike kaya zifupike bulangete lili pakati. Mbali ya CO2 pa nkhani ya kutentha kwa dziko yomwe mumamva pawailesi yagona pa polar bond yomweyi.

MadamChem
Ndavomera achimwene. Chimenecho cha infrared ndikachiba ndikaphunzitsire Lolemba.

SirWaKuNtcheu
Inu a m'ma lab mumakonda kusokoneza ana. Wa Fomu 3 akufuna chinthu chogwirika. Ine anga ndimawauza chonchi: pansi pa 0.4 non-polar, kuchoka 0.4 kufika 1.7 polar covalent, kupitirira 1.7 ionic, kutanthauza kuti wina walandiratu bulangete lonse. Sodium 0.93, chlorine 3.16, kusiyana 2.23, mchere ndi ionic, nkhani yatha. Zinazi akazipeza ku koleji.

Nyakwawa_Lab
Chabwino sir, ndipatseni hydrogen fluoride. Fluorine 3.98, hydrogen 2.20.

Kamtedza22
1.78. Ionic! Ndakhoza eti?

Nyakwawa_Lab
Walakwa, ndipo walakwa potsata lamulo la a sir. HF ndi molecule ya covalent, imawira pa madigiri 19.5 basi. Tsiku la mu October ku Nsanje ingakhale mpweya. Mchere weniweni wa ionic, NaCl, kuti usungunuke ndi kutentha pamafunika madigiri 801. Komanso mabuku sagwirizana: ena malire oyamba amaika 0.4 ena 0.5, achiwiri ena 1.7 ena 2.0. Chilengedwe sichinaike mpanda pamenepo. Ndi chitunda chokwera pang'onopang'ono, kuchoka pa kugawana mofanana mpaka pa kulandiratu.

SirWaKuNtcheu
Zonsezo ndikuzidziwa achimwene. Koma bwerani mudzaime kutsogolo kwa kalasi ya ana oposa 80, buku limodzi ana asanu, mudzawauze kuti ndi chitunda. Ochonga mayeso sachonga chitunda.

MadamChem
Nonse muli ndi mfundo. Ine malirewo ndimawaphunzitsa, koma ndimawonjezera funso limodzi: kodi ndi metal ndi non-metal, kapena ma non-metal okhaokha? H ndi F onse ndi ma non-metal, mwana akaona zimenezo sagwa m'mbuna ya 1.78. Chomwe chagwetsa Nangozo ndi chomwechi, anapatsidwa nambala ngati kuti nambala yokha ndiye imaweruza mlandu.

AgogoAPhysicalScience
Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ife tinaphunzira nthawi yomwe Chemistry ndi Physics zinali phunziro limodzi la Physical Science, ndipo manambala omwe ndinakumana nawo m'mabuku akale anali ozungulira: fluorine 4.0, oxygen 3.5, nitrogen 3.0, carbon 2.5, hydrogen 2.1. Mdzukulu wanga atandionetsa 3.44 ndinkayesa buku lake lalakwika. Kenako ndinamva kuti A. L. Allred anawerengeranso manambalawa mu 1961 ndi miyeso yatsopano.

Ndikuuzeni komwe anachokera, mwina muleka kuwaopa. Mwini wake ndi Linus Pauling wa ku America, mu 1932. Analibe makina oyezera electronegativity, ndipo mpaka lero palibe sikelo yoti muikepo atomu n'kuwerenga. Iye anayang'ana mphamvu yofunika kudula bond. Kudula H–H ndi pafupifupi 436 kJ pa mole, Cl–Cl pafupifupi 242. Ukatenga pakatikati pa ziwirizi upeza 339, ndiye ungayembekeze kuti H–Cl ikhala chapompo. Koma ukayeza upeza pafupifupi 431. Nanga 92 yapamwambayo yachokera kuti? Pauling anati yachokera pa kukokana kwa δ+ ndi δ−, ndipo kukula kwake ndi komwe kumatiuza kuti maatomu awiriwo asiyana bwanji. Taonani bwino, njira imeneyi imapereka kusiyana kokha. Kuti atomu iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake anachita kusankha poyambira. Manambalawa alibenso unit. Robert Mulliken mu 1934 anabwera ndi njira ina, yotengera ionisation energy (mphamvu yofunika kuchotsa electron pa atomu) ndi electron affinity (momwe atomu imalandirira electron), manambala ake n'kusiyanako, koma mndandanda wa wamkulu ndani wamng'ono ndani sunasinthe kwenikweni.

Kamtedza22
Agogo mwatikwapula kkkk. Pauling yemweyu si uja ankati vitamin C ndi mankhwala a chimfine?

AgogoAPhysicalScience
Yemweyo mdzukulu. Analandira Nobel ya Chemistry ya 1954 ndi ya mtendere ya 1962, zonse ziwiri payekha. Za vitamin C madokotala ambiri sanagwirizane naye. Kudziwa bond sikudziwa chimfine.

MakanikoWaNdirande
Pepani mabwana, ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, muno anandilowetsa ndi mphwanga. Koma funso ndili nalo. Girisi akandimata m'manja, madzi okha sachotsa olo nditsuke mpaka mawa. Ndikathira parafini pang'ono amachoka nthawi yomweyo. Zikukhudzana ndi zomwe mukukambazi?

Nyakwawa_Lab
Bwana, funso lanu ndi lomwe lili pamtima pa nkhaniyi. Girisi, oilo, parafini, petulo, zonsezi ndi maunyolo a carbon ndi hydrogen. Carbon 2.55, hydrogen 2.20, kusiyana 0.35 yokha, bulangete lili pafupifupi pakati. Madzi ndi polar kwambiri, O–H kusiyana kwake ndi 1.24, ndipo ma molecule ake amagwirana okhaokha, hydrogen wa uyu kukakamira oxygen wa uyo, chomwe timati hydrogen bond. Kuti girisi alowe pakati pawo ayenera kusokoneza mgwirizano umenewo, koma alibe chobweza. Ndiye madzi amangomudutsa. Parafini ndi mtundu umodzi ndi girisi, amalowana bwinobwino.

Sopo ndi mkhalapakati. Molecule yake ili ndi mchira wautali wa carbon ndi hydrogen womwe umamira mu girisi, ndi mutu wokhala ndi charge womwe umakonda madzi. Michira imazinga kadontho ka girisi, mitu ili kunja, madzi n'kunyamula zonse.

MayiWaAnaAtatu
A Makaniko chonde parafini ndi petulo m'manja tsiku ndi tsiku ayi. Amachotsanso mafuta a khungu lanu lomwe, manja amang'ambika. Amuna anga anali otero, m'manja ngati khungwa la mtengo. Pakani kaye mafuta ophikira pang'ono, kenako sopo. Zimachoka.

MakanikoWaNdirande
Mafuta ophikira pa mtengo wake uno mayi? Akazi anga andithamangitsa kkkk.

Chigumula_boy
Nanga kachasu bwanji amalowana ndi madzi pomwe amayaka ngati petulo? Ndikufunsira mnzanga.

Kamtedza22
Mnzakoyo timamudziwa.

MadamChem
Muuze mnzakoyo kuti ethanol, chomwe chimaledzeretsa mu kachasu, ili ndi ma carbon awiri okha, ndipo kunsonga kuli O–H ngati ya madzi. Kagulu ka O–H kameneko kamagwirana ndi madzi, kamchira ka carbon n'kakafupi, sikalimbana nako. Mchirawo ukamatalika kulowana kumachepa. Shuga nayenso ndi choncho, molecule imodzi ya sucrose ili ndi ma O–H asanu ndi atatu, n'chifukwa chake amasungunuka mu tiyi. Koma madzi a shuga sadutsa magetsi pomwe a mchere amadutsa, chifukwa shuga amasungunuka ali molecule yathunthu, mchere umagawika kukhala ma ion, tizidutswa tokhala ndi plus kapena minus. Limeneli limabwera pamayeso, Nangozo lemba.

WaKuChipata
Moni abale a ku Malawi, kuno ku Zambia nafenso mutu umenewu umavuta ana. Ine funso langa ndi la chilankhulo. Mwakamba zonsezi m'Chichewa ndipo zamveka, koma liwu lenilenilo mwalisiya m'Chingerezi. Electronegativity tingati chiyani kwathu? Ine ana ndimawauza kuti ndi dyera la atomu.

Chigumula_boy
Umbombo. Fluorine ndi wombombo wa m'mudzi.

AgogoAPhysicalScience
Dyera silikukwanira. Wadyera amafuna kudya yekha, kaya pali mnzake kaya palibe. Zimenezo zikufanana kwambiri ndi electron affinity, pomwe atomu ili payokha n'kulandira electron. Electronegativity imaoneka pokhapokha awiri ali m'mbale imodzi. Umbombo uli pafupi, chifukwa umbombo umaonekera pogawana. Ndipo taonani, pa electron affinity chlorine amaposa fluorine pang'ono, koma pa electronegativity fluorine ndiye mfumu. Mukazipatsa dzina limodzi mwasokoneza ana.

SirWaKuNtcheu
Tikayamba kumasulira liwu lililonse, mwana akalowa m'chipinda cha mayeso a MSCE akapeza pepala la Chingerezi n'kuyamba kufunafuna umbombo. Fotokozani m'Chichewa, dzina lisiyeni momwe lilili.

WaKuChipata
Sindinati tichotse la Chingerezi ayi. Ndati mwana akhale ndi pogwira.

Admin_Gulu
Abale, za chilankhulo titsegulire ulusi wake padera, ndi nkhani yabwino koma tasochera. Mwini funso watayika.

Nangozo_F3
Ndilipo, ndimalemba. Funso lina: n'chifukwa chiyani fluorine ndiye wamphamvu kuposa onse? Chlorine ali ndi ma proton 17, fluorine 9 okha. Wa ma proton ambiri si ndiye ayenera kukoka kwambiri?

MadamChem
Funso labwino. Pali zinthu ziwiri zolimbana: kuchuluka kwa ma proton ndi mtunda. Chimoto chachikulu uli patali, pakati pali anthu okutchinga, sichikufunditsa ngati kambaula komwe wakakhalira pafupi. Fluorine ali ndi ma shell awiri okha, ma electron a mu bond ali pafupi ndi nucleus, ndipo otchinga ndi awiri basi. Chlorine ali ndi ma shell atatu, otchinga khumi. Chotsa otchingawo, onse awiri kukoka kotsala ndi ngati 7, koma wa chlorine akukoka ali patali. Ndiye pa periodic table, tchati cha ma element, ukamatsika mu group (mzere wotsika) nambala imatsika: F 3.98, Cl 3.16, Br 2.96, I 2.66. Ukamayenda mu period (mzere wopingasa) kupita kumanja, shell ndi yomweyo koma ma proton akuwonjezeka, ndiye imakwera: lithium 0.98, carbon 2.55, nitrogen 3.04, oxygen 3.44. Kumunsi kumanzere ndi kwa ofooka, caesium 0.79.

Nyakwawa_Lab
Ndiwonjezere chimodzi chomwe ine chimandidabwitsabe ngakhale ndakhala zaka m'ntchitoyi. Sulphur ali pansi pa oxygen mu group imodzi. H2S, mpweya uja wonunkha mazira owola, ndi wopindika ngati madzi ndipo ndi wolemera kuposa madzi. Mwachizolowezi cholemera chimawira mochedwa. Koma H2S imawira cha pa −60, madzi pa 100. Kusiyana kwake? Sulphur ndi 2.58, S–H kusiyana 0.38 yokha, palibe hydrogen bond yoti n'kuitchula. Oxygen akanakhala wofatsa ngati sulphur, bwenzi nyanja yathu yonse, kuyambira Karonga mpaka Mangochi, ili nthunzi. Chambo, nsima, magazi, palibe.

Mlimi_wa_Dedza
100 ndi ya kugombe la nyanja yamchere bwana. Kuno kumapiri amawira cha m'ma 95. N'chifukwa chake nyemba zimatidyera nkhuni.

Nyakwawa_Lab
Mwandigwira, ndalandira.

Kamtedza22
Amene alibe lab ayese ichi. Tsegulani mpopi madzi azituluka kamtsinje kowonda ngati ulusi. Khulani chipeso chapulasitiki kapena rula patsitsi louma, muyandikize. Madzi amakhota kutsata chipesocho. Ife kusukulu kwathu lab inali kabati imodzi yokhoma, ichi chokha ndi chomwe tinaona ndi maso.

MadamChem
Chimagwira bwino nyengo youma, nthawi ya mvula chimakana. Nangozo, nayi homuweki. CCl4 ndi CHCl3. Carbon pakati, anayi momuzungulira. Iti ndi polar?

Nangozo_F3
Ndiyese. C–Cl ndi 3.16 kuchotsa 2.55, ndi 0.61, ndiye ma bond ndi polar. Carbon alibe lone pair. Mu CCl4 onse anayi ndi ofanana ndipo akhala motalikirana mofanana, ndiye akukoka mbali zonse mofanana, zathana, non-polar. Mu CHCl3 mmodzi ndi hydrogen yemwe sakoka ngati anzakewo, ndiye ma chlorine atatu apambana, polar. Eti madam?

MadamChem
Eya! Ndipo ukafuna nambala, kupendekera kwa molecule yonse kumatchedwa dipole moment, kumayezedwa mu debye, dzina la Peter Debye wa ku Netherlands. Madzi ndi 1.85, CHCl3 ndi 1 ndi kakusefukira, CCl4 ndi CO2 ndi ziro. Imeneyi ndiye imayezedwadi mu lab.

SirWaKuNtcheu
Mwanayu abwere kusukulu kwathu.

Nangozo_F3
Ndabweranso. Lero ndinapita ku staff room kukapempha kuti mwina andipatseko malikisi amodzi poti za bond ndinalemba zoona. A sir akana, akuti funso linati molecule. Koma anatenga choko n'kulemba SO2, sulphur dioxide, patebulo, akuti ndikayankha pompo andikhululukira chilango cha kuchedwa kwa Lachitatu. Ndinawerengera: 3.44 kuchotsa 2.58 ndi 0.86, pafupifupi chimodzimodzi ndi CO2. Pakamwa panatsala pang'ono kutuluka "non-polar" poti zikuoneka ngati mapasa. Kenako ndinakumbukira kuwerenga ma electron a wapakati. Sulphur ali ndi asanu ndi mmodzi, osati anayi, ndiye patsala lone pair imodzi. Yopindika, polar. Sindikatchetcha.

Chigumula_boy
Nanga malikisi atatu aja?

Nangozo_F3
Apita basi.

MakanikoWaNdirande
Mayi aja a mafuta ophikira, ndayesa dzulo akazi anga kulibe. Zachoka ndithu. Botolo ndabwezera pamalo pake, musandiulule.